A Khansala, utsi wa m'dera lanu uli pamafuwa, pauvuni ndi kumtaya

Khansala wina amene wangosankhidwa kumene watifunsa motere: "Kumisonkhano akutiuza kuti makhonsolo tichepetse mpweya woononga nyengo, komanso kuti mphamvu zosaononga chilengedwe zifikire aliyense mosakondera. Koma magetsi ndi a ESCOM, mitengo yake amaika ndi a MERA, ndipo khonsolo yathu imavutika ngakhale kugula dizilo wa lole yotola zinyalala. Ife tingachitepo chiyani chenicheni, ndipo tiyambire pati?"

A Khansala, mwanena zoona kuti magetsi si anu. Koma zimenezo zisakufooketseni, chifukwa utsi wambiri wa m'dera lanu suchokera ku magetsi.

Mizinda ya ku Ulaya ndi ku America ikamakamba zochepetsa mpweya wa kaboni imayambira pa magetsi ndi galimoto, popeza m'madera ambiri kumeneko magetsi amapangidwabe ndi malasha ndi gasi. Kuno magetsi ambiri amachokera ku madzi a mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo kuyambira 2021 kwabwera a dzuwa: mamegawati 60 ku Salima, kenako 20 ku Golomoti. Mayi wophikira magetsi a ESCOM sakuononga nyengo kwenikweni. Vuto n'lakuti amayi otere ndi owerengeka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zimawunikira magetsi, ndipo ndondomeko ya boma ya makala ya 2017 mpaka 2027 imanena kuti mabanja oposa 97 pa 100 amaphikira nkhuni kapena makala. Choncho utsi wanu uli pamafuwa, pambaula, pauvuni wa makala ndi wa njerwa, kumtaya wa zinyalala, ndi mu dizilo wa malole ndi majenereta. Tsono taonani: misika ndi ya khonsolo, zinyalala ndi za khonsolo, mapulani a nyumba mumavomereza ndinu, ndipo m'maboma sukulu za pulayimale ndi zipatala zing'onozing'ono zili pansi panu. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linakupatsaninso mphamvu zopanga malamulo a m'dera lanu. Ntchito ilipo yambiri ndithu.

Mu 2021 dziko la Malawi linalonjeza ku bungwe la United Nations kuti pofika 2040 lidzachepetsa mpweyawu ndi 51 pa 100 poyerekeza ndi mmene ukanachulukira, koma 6 yokha pa 51 imeneyo ndi imene tinati tingakwanitse ndi ndalama zathu. Zotsalazo zikudikira thandizo lakunja, lomwe silibwera pa tsiku lolonjezedwa. N'chifukwa chake tikukulangizani kuyamba ndi zinthu zimene zimabweza zokha ndalama zake.

Yambani ndi sikelo ndi malisiti

Musanalembe katswiri wodula wodzakuwerengerani mpweya wa boma lonse, tumani akalaliki anu asonkhanitse zinthu zinayi za miyezi 12 yapitayi: malita a dizilo ndi petulo amene khonsolo yagula, mayunitsi a magetsi pa mita iliyonse, nkhuni ndi makala zimene sukulu ndi zipatala zagwiritsa ntchito, ndi maulendo a lole opita kumtaya. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.7 a mpweya wa kaboni, ya petulo 2.3. Tiyerekeze kuti muli ndi malole asanu, iliyonse imamwa malita 30 patsiku kwa masiku 300: ndi malita 45,000, omwe ndi matani oposa 120 a mpweya pachaka. Nkhuni musaziwerenge m'mitolo kapena m'ngolo, pakuti mtolo wa lero si wa mawa. Gulani sikelo yopachika, muyeze mulu wa nkhuni Lolemba m'mawa, muyezenso zotsala Lachisanu madzulo, mugawe ndi chiwerengero cha anthu amene adya. Nambala imeneyo, makilogalamu a nkhuni pa munthu patsiku, ndi imene mudzayerekezere mbaula yatsopano ikabwera. Opanda nambala yoyambirayi amangokhulupirira zimene wogulitsa wanena.

Nyali za m'misewu

Nyali yakale yachikasu ya mawati 250 ikayaka maola 12 imadya mayunitsi atatu usiku umodzi, kutanthauza 1,095 pachaka. Ya LED ya mawati 100, yowala mofanana, imadya 438. Pa nyali 500 mwapulumutsa mayunitsi 328,500 chaka chilichonse. Poti magetsi athu ndi a madzi, mpweya wopewedwa pamenepa si wambiri, koma ndalama zake n'zooneka, ndipo zikhoza kulipira ntchito zina zimene tikambe m'munsimu. Onetsetsani kaye kuti nyalizo zili pa mita, kuopa kuti mungasinthe mababu bilu n'kumabwera yomweija.

Nyali za sola zimakopa chifukwa zilibe bilu, koma ndi zimene zimafa msanga zikagulidwa mosawerengera. Nyali ya mawati 40 yowala mokwanira maola 6, kenako n'kuchepetsa theka kwa maola 6 otsalawo, imafuna mawati-ola 360 (mawati kuchulukitsa ndi maola) usiku uliwonse. Kuti ipirire masiku atatu a mitambo m'nyengo ya chiperoni kapena ya mvula, batire lake lisunge oposa 1,000. Dzuwa lamphamvu kuno timaliwerengera maola asanu patsiku, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvuyo limatayika ndi kutentha, fumbi ndi mawaya, choncho panelo isachepere mawati 120. Wogulitsa akakuonetsani nyali yolembedwa mawati 300 ili ndi kapanelo kofanana ndi buku, dziwani kuti izizima isanakwane 11 koloko usiku. Mu mgwirizano lembani mtundu wa batire, makamaka la lithium iron phosphate lomwe limapirira kutentha kuposa la asidi, lembani zaka za chitsimikizo, ndipo musunge gawo la malipiro mpaka nyalizo zitadutsa nyengo imodzi ya mvula. Batire likhale pamwamba pa mzati, osati m'bokosi la pansi lomwe wakuba amatsegula ndi sipanala. Ndipo pakhale munthu wodziwika dzina wopukuta mapanelo kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, fumbi likachuluka.

Kusakondera kumayambira pomwepa. Mzati woyamba upite pati? Msewu wodutsa galimoto za akuluakulu uli kale ndi kuwala kwa galimotozo. Mdima woopsa uli pa depoti, pamsika wa usiku, pa kamlatho ka oyenda pansi, ndi panjira imene mayi wodwala matenda a uchembere amadutsa popita kuchipatala.

Makhitchini aakulu

Sukulu yophikira ana phala, chipatala, malo odikirira odwala, sukulu yogonera komweko: awa ndi malo amene nkhuni zimalowa pa lole. Mbaula yaikulu ya mtundu wa rocket, yomangidwa bwino, imachepetsa nkhuni ndi theka kapena kuposerapo poyerekeza ndi mafuwa. Chinsinsi chake chili pa zinthu zitatu. Chipinda choyakira moto chimamangidwa ndi njerwa zopepuka za dongo losakaniza ndi utuchi, zomwe sizimwa kutentha. Nkhuni zimakhala pa kachitsulo kokwera kuti mpweya uzilowa pansi pake. Ndipo poto amamira m'kati mwa mbaula, n'kutsala mpata wa sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka kuzungulira, kuti moto uzikhudza m'mbali mwa potoyo usanatuluke.

Zimene zimaononga n'zodziwikanso. Poto akabooka, komiti imagula wina wa saizi ina, mpata uja umakula, phindu lonse n'kuthera pomwepo. Choncho poto ndi mbaula zigulidwe pamodzi, ndi poto wina wosunga wa saizi yomweyo. Ophika akamakankhiramo zipika zosawaza, njerwa zopepuka zija zimasweka. Akamazimitsa moto ndi madzi, zimang'aluka. Phulusa likadzaza pansi, mpweya sulowa ndipo utsi umabwerera kumaso. Nkhuni zaziwisi zimataya moto wambiri pouma, motero kashedi kosungiramo nkhuni za miyezi iwiri ndi gawo la mbaulayo, osati chinthu chowonjezera. Amayi ophika amasinthana, ndiye maphunziro a tsiku limodzi lotsegulira sakwanira. Abwerezedwe teremu iliyonse.

Makala: pamene chilungamo chimayesedwa

Apa ndi pamene makhonsolo ambiri amapunthwa, chifukwa njira yooneka yachidule ndi kulanda. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, zilango zinakwera, ndipo ku Dzalanyama, komwe kumachokera madzi akumwa a mzinda wa Lilongwe, boma linatumizako asilikali mu 2015. Koma m'bandakucha njinga za makala zikulowabe m'tauni, ndipo ochokera ku Neno ndi Mwanza akufikabe ku Blantyre. Chifukwa chake n'chosavuta: mphika wa nyemba ku Ndirande kapena ku Mtandire uyenera kupsa lero. Mukalanda matumba popanda kupereka china chophikira, makala amangokwera mtengo. Wolemera amagula thumba lathunthu kapena gasi. Wovutika, amene amagula kajumbo kamodzi patsiku ndipo amalipira kale mtengo wokwera pa kilogalamu kuposa wogula thumba, ndi amene amalira. Wootcha kumudzi, yemwe amapeza gawo lochepa pa mtengo wa m'tauni, amataya njinga yake. Nkhalango nayo siipuma.

Sitikunena kuti lamulo lisagwire ntchito. Tikunena za dongosolo: yambani ndi ogula ambiri, malizirani ndi osauka. Ogula ambiri ndi malo odyera, ophika buledi, a chiwaya ndi a kanyenya, ndi makhitchini a khonsolo yomwe. Onsewa amatenga ziphaso kwa inu kapena amachita malonda pamalo anu. Apatseni nthawi yodziwika, mwachitsanzo chaka chimodzi, yosinthira ku gasi, magetsi, kapena makala ovomerezeka, ndipo amene wasintha msanga mumuchepetsere mtengo wa chiphaso. Pomanga kapena kukonza msika, mzere wa ophika ukhale ndi mawaya okwanira ndi mita ya aliyense payekha. Mita imodzi ya anthu khumi imabala mkangano, ndipo mapeto ake amaletsana kuphikira magetsi. Zimenezi n'zimene zimachitikanso m'nyumba za lendi, kumene landilodi amaletsa hotplate chifukwa mabanja asanu akugawana mita imodzi. Pamene mukuvomereza mapulani a nyumba zochititsa lendi, funsani za mita ya khomo lililonse.

Pa zophikira za magetsi, pressure cooker yamagetsi, poto wotsekeka mothina wophika ndi mphamvu ya nthunzi, ndi imene imasintha masamu. Ndi ya mawati pafupifupi 1,000, koma ikangotentha imazima yokha n'kumayaka mwa apo ndi apo, moti nyemba zouma zimapsa ndi magetsi osakwana yuniti imodzi, pamene pa hotplate zimadya kawiri kapena katatu. Choletsa ndi mtengo wogulira ndi kuthimathima kwa magetsi, kotero banja lidzasungabe mbaula. Palibe cholakwika pamenepo. Nyemba ndi nyama zikachoka pa makala, thumba limatha mochedwa.

Makala ovomerezeka alipo. Kampani ya Kawandama Hills ku Viphya imaotcha makala kuchokera ku mitengo yodzala yokha, ndi chiphaso cha nthambi ya zankhalango. Chiphasocho simupereka ndinu, koma mukhoza kuthandiza magulu a m'midzi kukonza mapepala ake ndi kuwapatsa malo abwino pamsika, pakhomo penipeni osati kuseri kwa zimbudzi. Uvuni wa dothi wa masiku onse umadya makilogalamu 7 mpaka 10 a mitengo kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala, ndiye thumba la makilogalamu 30 lameza mitengo yolemera makilogalamu 210 mpaka 300. Mitengo ikaumitsidwa kaye kwa masabata angapo, n'kuyalidwa mothithikana, uvuniwo n'kuikidwa chumuni cha migolo, kilogalamu imodzi imatuluka pa makilogalamu anayi kapena asanu. Dziwani kuti uvuni wabwino pa nkhalango yopanda mwini umangofulumizitsa kudula. Uyende limodzi ndi malire odziwika a nkhalango ya m'mudzi, mfumu ndi komiti ya zachilengedwe atagwirizana za chigawo chodula chaka chino ndi chopumula.

Pa kubwezeretsa mitengo, chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo timadzala mbande zambiri, koma lipoti la khonsolo liziwerenga mitengo yamoyo pakatha chaka, osati mbande zogawidwa. M'madera a miombo njira yotsika mtengo ndi kusamalira zitsa: chitsa chili kale ndi mizu yakuya, chikaphukira mumasiya mphukira ziwiri kapena zitatu zolimba, zina n'kudulira nkhuni, n'kulambula njira zotchinga moto udzu usanaumitsitse. Ntchito imeneyi ikugwirizana ndi ya M'bwezera Chilengedwe, yolipira anthu pa ntchito zosamalira chilengedwe, imene makhonsolo akuyendetsa kale, ndipo ootcha makala akhale oyamba kulembedwa, chifukwa munthu simungamuchotse pauvuni n'kumusiya manja lende.

Kumidzi, komwe nkhuni ndiye zambiri, Chitetezo Mbaula imachepetsa nkhuni ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, ndipo amaumba ndi amayi a komweko. Zosweka msanga zimakhala za dongo losasankhidwa bwino kapena zoumitsidwa padzuwa mothamanga. Ziume pamthunzi masabata atatu kapena anayi zisanalowe mu uvuni. Mabanja a Mtukula Pakhomo, omwe kaundula wawo muli naye kale, ndi oyenera kulandira pamtengo wotsika. Koma chonde musawalonjeze zimene mbaula singathe. Kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga, yemwe zotsatira zake zinatuluka kumapeto kwa 2016, anapeza kuti ngakhale mbaula zamakono zokhala ndi fani sizinachepetse chibayo mwa ana osakwana zaka zisanu. Nenani zoona: nkhuni zichepa, ulendo wa kuphiri uchepa, ana apsa ndi moto mwa apo ndi apo, koma utsi sunathe.

Kumtaya

Zinyalala za m'mizinda yathu zoposa theka ndi zoola: masamba, makoko, zakudya zotsala. Zikaunjikana kumtaya, monga ku Mzedi ku Blantyre kapena ku Area 38 ku Lilongwe, zimaola popanda mpweya n'kutulutsa mpweya woyaka wotchedwa methane, amene pa zaka 100 amatenthetsa dziko kuwirikiza pafupifupi 28 kuposa kaboni. Ndi yemweyo amene amasunga moto wa kumtaya osazima, utsi wake n'kumagwera anthu okhala pafupi, amene sakhala olemera.

Mudzamva za Durban, kumene khonsolo ya eThekwini yakhala ikupanga magetsi kuchokera ku methane wa kumtaya ku Mariannhill ndi Bisasar Road kuyambira cha m'ma 2007. Zimenezo n'zoona, koma zimatheka pa mtaya woyalidwa pansi, wopsinjidwa ndi makina, wokwiriridwa ndi dothi, wokhala ndi mapaipi okoka mpweya. Pa mtaya wongotayira poyera mpweyawo umathawira paliponse. Inu yambirani kumsika, zoola zisanakwere n'komwe lole.

Pamzere wa masamba ndi zipatso ikani migolo iwiri, wa zoola ndi wa zina, ndipo pakhale munthu woyang'anira. Mgolo wopanda woyang'anira umadzaza majumbo tsiku lomwelo. Malo opangira manyowa akhale pafupi, ofikika ndi wilibala kapena ngolo, apo ayi dizilo adya phindu. Sakanizani madengu awiri a zouma, monga mapesi oduladula, udzu, makoko a mtedza kapena utuchi, pa dengu limodzi la zaziwisi. Mulu ukhale wa mamita awiri m'lifupi ndi mita imodzi ndi theka kutalika kwake. Chinyezi muyese ndi dzanja: mukafinya, zigwirane ndi kutuluka kadontho kamodzi kapena kawiri, osati kuchucha. Pakatha masiku atatu, chikwanje chozikidwa pakati chizituluka chotentha. Kutentha kofunika ndi madigiri 55 mpaka 65, komwe kumapha njere za udzu ndi tizilombo toyambitsa matenda. Tembenuzani sabata iliyonse mwezi woyamba, kenako pakapita masabata awiri, ndipo pa masabata 8 mpaka 12 manyowa apsa, atatsala pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a kulemera koyamba. Mulu ukanunkha ngati dzira loola, wanyowa kwambiri ndipo ukusowa mpweya: onjezani zouma, tembenuzani. Ukakhala wozizira osasintha, wauma kapena zaziwisi zachepa. M'dzinja ufunika denga. Chimene chimapha ntchito zambiri za mtunduwu si luso, koma msika: manyowa okhala ndi magalasi ndi tizidutswa ta pulasitiki mlimi sagula kawiri, ndiye asefedwe, ndipo ogula, monga alimi a kudimba, a nazale ndi nthambi ya khonsolo yosamalira maluwa, apezeke mulu woyamba usanapse.

Pali anthu amene amadya kuchokera kumtaya, otola mabotolo, zitsulo ndi mapepala. Mukabweretsa kampani n'kuwatsekera kunja kwa mpanda, mwayeretsa mzinda powalanda chakudya. Alembeni m'kaundula, apatseni magolovesi, nsapato ndi malo osankhirapo, ndipo ntchito za manyowa ziyambire kwa iwo.

Biogas, gasi wophikira wochokera ku zinthu zoola, ndi yabwino pamene pali ndowe kapena zonyansa zobwera tsiku lililonse, madzi, ndi khitchini pafupi, monga kophera ng'ombe kapena pasukulu yogonera. Kilogalamu ya ndowe za ng'ombe zaziwisi imapereka malita pafupifupi 40 a gasi, ikasakanizidwa ndi madzi ofanana nayo. Zambiri zimafa chifukwa chothiramo zakudya zochuluka nthawi imodzi mpaka m'kati muchita asidi, madzi kudzaza m'paipi ya gasi, kapena kusowa mwini. Ngati simungatchule munthu amene azidzaidyetsa m'mawa uliwonse, ngakhale pa holide, musamange.

Njerwa

Kuyambira 2018 pali malamulo amene linakhazikitsa bungwe loona za zomangamanga la NCIC, oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi za malonda. Khonsolo ikhale yoyamba kuwatsata pa midadada ya sukulu, misika ndi nyumba za aphunzitsi, kuphatikizapo zomangidwa ndi thumba la chitukuko cha m'dera la phungu (CDF), ndipo ileke kupempha midzi kuti isonkhe njerwa zootcha. Njerwa za dothi lopsinja zimafuna simenti 5 mpaka 8 pa 100, dothi lamchenga pang'ono losefedwa, ndi kuthiriridwa pansi pa pulasitiki kwa sabata kapena kuposa. Zikauma msanga padzuwa zimafumbutuka. Banja lomanga kanyumba kake musalithamangire ndi chindapusa. Gulani makina opsinjira awiri kapena atatu, muziwabwereketsa ku magulu a achinyamata, makamaka omwe aja ankaumba ndi kuotcha.

Magetsi kwa amene alibe

Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo aliyense anaona kuopsa kodalira mtsinje umodzi. Pa zipatala zing'onozing'ono, sola iyambire kuchipinda chochilira, filiji ya katemera ndi pampu ya madzi. Filiji ikhale ya mtundu wolumikiza ku panelo mwachindunji, yosunga kuzizira m'madzi oundana popanda batire, ndipo ikhale payokha. Mabatire a asidi akamatsitsidwa kupitirira theka tsiku ndi tsiku satha zaka ziwiri, ndipo chimawatsitsa ndi ketulo, simbi ndi mafoni a mudzi wonse. Anthu ogwira ntchito pamalopo nawonso ndi anthu, amafuna kuwala kunyumba. Apatseni kasola kawo, apo ayi adzakoka waya kuchokera kuchipatala. Oika akhale ndi chiphaso cha MERA, aike zoteteza ku mphezi, ndipo asiye chithunzi cha mawaya pakhoma.

Magetsi a m'mudzi oima paokha atheka kale m'dziko muno: a madzi a kampani ya MEGA kwa Bondo ku Mulanje, a dzuwa a makilowati 80 kwa Sitolo ku Mchinji, ndi a makilowati 12 kwa Mthembanji ku Dedza. Khonsolo siyenera kuyendetsa yokha magetsi oterewa. Gawo lanu ndi kupeza malo opanda mkangano, kufunsa ku unduna ngati MAREP, ntchito ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, ifika kumeneko posachedwa, ndi kusonkhanitsa ogwiritsa ntchito masana, monga chigayo, owotcherera, pampu ya mthirira ndi filiji za malonda, chifukwa mababu a usiku okha salipira ntchitoyo. Auzeni anthu poyera kuti yuniti yake imadula kuposa ya ESCOM. Chimene chimatsekereza osauka kawirikawiri ndi ndalama yolumikizira ndi mawaya a m'nyumba, choncho kambiranani zoti azilipira pang'onopang'ono.

Chitsanzo cha khonsolo imene inayambira kwa osauka chili ku Kuyasa, m'dera la Khayelitsha ku Cape Town, kumene nyumba zoposa 2,300 za anthu opeza pang'ono zinaikidwa siling'i, zotenthetsera madzi za dzuwa ndi mababu osadya magetsi ambiri, ntchitoyo ikugwiridwa ndi anthu a komweko ataphunzitsidwa. Siling'i, chinthu chosaoneka chapamwamba, inachepetsa kuzizira ndi kufunika kootha parafini m'nyumba.

Kuti zisathere pamsonkhano

Chimene sichili mu pulani ya chitukuko ya khonsolo sichipeza ndalama. Nkhanizi zilowe kudzera m'makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera (ma VDC ndi ma ADC), kapena m'makomiti a wodi m'mizinda, zikambidwe mu komiti ya zachilengedwe ya boma lanu, zivomerezedwe ndi khonsolo yonse, kenako zioneke mu bajeti ndi nambala yake. Malamulo a khonsolo amafuna chivomerezo cha nduna asanayambe kugwira ntchito, ndiye yambani msanga, ndipo mavenda, a kabaza, otola zinyalala ndi ogulitsa makala aitanidwe pokonza, pa ola limene angathe kubwera, osati 9 koloko m'mawa malonda ali pakati. Pa chinthu chilichonse chogulidwa, bajeti ikhale ndi mzere wa kukonza ndi kusintha mabatire, ndipo ndalama zopulumutsidwa pa nyali ndi dizilo zilembedwe padera kuti zisamezedwe ndi ma alawansi.

Adzabweranso anthu ndi mapepala a malonda a kaboni, momwe makampani amalipira ena chifukwa chochepetsa mpweya woononga nyengo, akulonjeza ndalama pa mbaula kapena pa nkhalango zanu. Ena ndi achilungamo. Kumbukirani kuti Kuyasa inalembetsedwa pamsika wa kaboni mu 2005, koma nyumba zija zinakonzedwa ndi ndalama za boma, ndipo mtengo wa kaboni pamsika umenewo unagwa kwambiri mu 2012. Musanasaine, funsani kalata ya chilolezo cha unduna woona zachilengedwe, zaka zimene mgwirizanowo ukumanga malowo, gawo limene lipite kumudzi ndi njira imene lidzafikire, amene azikonza mbaula zikasweka, ndiponso ngati amayi adzaloledwabe kutola nkhuni zouma, bowa ndi masuku m'nkhalangomo. Mayankho onsewa alembedwe mu mgwirizano, ndipo uwerengedwe m'chilankhulo cha anthu a m'deralo pabwalo la mfumu, loya wa khonsolo ali pomwepo.